Zenera la Zala Ziwiri

Mumsewu wotsikira kudoko la asodzi mumzinda wa Sur, chinthu chikaphulika anthu sankayang'ana kumwamba. Ankayang'ana Nazih, woika magalasi a mazenera, amene aliyense ankamutchula kuti Abu Ziad potengera dzina la mwana wake woyamba. Iye ankaima chilili pakhomo pa shopu yake, chodulira galasi chili m'manja, atapendeketsa mutu kuti khutu lamanzere ligwire bwino, pakuti lamanja linagontha pa nkhondo ali mnyamata. Msewu wonse unkadikira chigamulo.

"Ndege," ankatero, ndipo anthu ankabwerera ku khofi wawo.

Kwa Nazih kuphulika kunali ndi mafuko ake monga anthu, ndipo kusokoneza mafukowo kunali umbuli wosakhululukika. Ndege za kutsidya la malire zikathamanga kupitirira liwu lazo lomwe, phokoso limagwa kuchokera kumwamba kawiri motsatizana, du du, lopanda utsi. Limapha magalasi ndi mitima ya nkhalamba basi. Asodzi akaponyera nsomba bomba lawo lopanga okha, phokoso limakhala lonyowa, ndipo limafika kumapazi lisanafike kukhutu. Limeneli limadya zala za mwini wake, n'chifukwa chake kudoko kuli amuna angapo amene amapereka moni ndi dzanja lamanzere. Ophwanya miyala kumapiri ankawazindikira ndi mabingu awo ogudubuzika m'zigwa. Makombola a paukwati sankawawerengera n'komwe. Koma panali mafuko awiri amene ankawafotokoza atatsitsa mawu. Bomba lenileni, ankatero, ndi louma, lakuthwa ngati mbama. Limang'amba, limakumba dzenje pamene linali, ndipo galasi limasanduka mchenga. Gasi sang'amba. Gasi amakankha. Liwu lake ndi lonenepa, lotupa, ndipo chitseko chimauluka chathunthu ngati chagundidwa ndi phewa la chimphona.

Alipo amene amati luso limeneli linali mphatso ya Mulungu. Amenewo akumunamizira Mulungu. Linali chipatso cha kukayika, pakuti Nazih ankakayikira chilichonse chokhala ndi chivindikiro, ndi aliyense womwetulira popanda chifukwa. Mkazi wake Wadad akateleka nyemba mumphika wotseka uja wophika ndi nthunzi, iye ankatuluka kukaima pakhonde mpaka mphikawo utasiya kulira. Galimoto yachilendo ikaima pamsewu, ankayang'ana ngati matayala akumbuyo aphwera ndi katundu. Anthu akamuuza kuti tsoka silinunkha, ankayankha kuti limanunkha ndithu, koma anthu ndiwo ali ndi chimfine.

Lamulo lake lalikulu linali la mazenera. Mphepo ya kuphulika ikapeza zenera lotseka imaliswa. Ikapeza mpata imadzipanikiza n'kudutsa. Choncho m'nyumba mwake, pamwamba penipeni pa nyumba yosanja imene ankachita lendi, zenera lililonse linkakhala lotsegula mpata wa zala ziwiri, chilimwe ndi dzinja lomwe.

"Bambo inu, tidzafa ndi chibayo bomba lanulo lisanafike," Wadad ankadandaula mphepo yakunyanja ikamalowa.

"Chibayo chimapereka nthawi yolapa, mayi."

"Munthu wogulitsa magalasi n'kumawateteza kuti asasweke! Mayi anga anandichenjeza kuti ndikukwatiwa ndi munthu wodana ndi chakudya chake."

"Mayi anu ankayesa gasi ndi machesi. Nsidze anamwalira alibe."

Apa Nazih sankanama. Mumsewu monsemo, munthu akalumikiza silinda yatsopano ya gasi ankayatsa laita n'kuizunguliza pakamwa pa silindayo. Moto ukapanda kulumpha, ankati zili bwino. Ankachita zimenezi aphunzitsi, ankachita zimenezi ophika, ndipo ankachita zimenezi ngakhale Haji Tawfiq, mwini bekale yophika buledi ya patsidya pa msewu ndi mwini nyumba yosanjayo. Haji anali munthu wolemekezeka, wa ndevu zometa bwino, wosasiyana ndi mikanda yake yopempherera. Mwana wake wamwamuna anali atatomera Rabab, mwana wamkazi wa Nazih, ndipo mabanja awiriwa anali atawerengera kale Fatiha, pemphero lomanga chitomero. Ukwati unkayembekezeka akatha kukolola azitona.

Pansi pa nyumbayo panali chipinda chokumba, chogawika pawiri. Chamkati chinali chokhoma, ndipo kiyi wake ankasunga Haji. Nazih ankadziwa zimene zinalimo, chifukwa m'miyezi imene gasi ankasowa anaona ana a Haji akutsitsiramo masilinda, ena a dzimbiri kumatako. Tsiku lina anayesa kunena, koma ananena ngati munthu woponda pa mazira.

"Haji, gasi ndi wolemera kuposa mpweya. Akatuluka sakwera ayi, amatsika n'kukhala pansi ngati madzi. M'dzenje ngati lija alibe kopita."

"Asewere, mukundiona ngati mwana?" Haji anaseka. "Masilindawo ndinawayesa ndekha ndi laita, imodziimodzi. Palibe ndi imodzi yomwe inayankha."

"Pakamwa munayesa. Nanga kumatako?"

"Inu ndi matako a masilinda! Tiyeni tikambe za ukwati."

Nazih anameza mawu ake. Kunali koyamba m'moyo wake kuchita zimenezi, ndipo kukayika kumene anameza sikunafe ayi. Kunangofuna pena potulukira.

Kunapapeza pa Mazhar. Ameneyu anali mlendo wochokera ku Siriya, wowonda, waulemu wopitirira muyeso, wokhala ndi mkazi ndi ana m'kanyumba ka kumbuyo kwa msika. Anachita lendi chipinda chakunja cha pansi paja, n'kulowetsamo migolo, kenaka matumba oyera, ambiri ndithu. Tsono chiphulikireni doko la ku likulu la dzikoli, Beirut, limene linaphulitsidwa ndi mankhwala opangira feteleza, thumba loyera silinalinso thumba wamba m'dziko muno. Nazih anamudikira pamasitepe.

"Iwe, m'matumbamo muli chiyani?"

"Mchere, amalume. Ndimaviika azitona ndi nkhaka, n'kumagulitsa kumsika."

"Mchere wonsewu? Ukufuna kukoleretsa nyanja?"

"Lawani, amalume." Mazhar anamasula thumba limodzi, akumwetulira.

"Sindilawa za munthu amene sindikudziwa agogo ake. Ndipo ukusekerera chiyani?"

"Palibe, amalume."

"N'zimene zikundivutazo."

Madzulo ake anakameta kwa Sobhi, ndipo ali pampando ananena mawu ochepa chabe: kuti mchere ndi feteleza ndi pachibale pa maonekedwe, ndiponso kuti iye sakunena kanthu. Kuuza Sobhi kuti sukunena kanthu kunali kofanana ndi kukwera pansanja ya mzikiti. Pofika Lachisanu, msewu wonse unkadziwa kuti Abu Ziad mwiniwake wawakayikira matumba a mlendo. Amayi anayamba kudutsa tsidya lina. Anyamata anayamba kumuwerenga Mazhar mapazi.

M'masiku omwewo pamasitepe panayamba kumveka kafungo konyansa. Mphuno ya Nazih inakamva, ndipo inali mphuno yodziwa bwino fungo la gasi. Koma linali litasakanikirana ndi viniga ndi adyo za m'migolo, ndipo mtima wake unali utasankha kale wolakwa. "Fungo la mlendo uja," anatero kwa Wadad, n'kukankha zenera kuti mpata ukule pang'ono. Uku ndiko kuipa kwa kukayika kumene okonda kukayika safuna kumva: kuli ngati tochi, kukawala pa munthu mmodzi kumasiya chipinda chonse mumdima.

Zinachitika m'mawa wina dzuwa litakwera. Magetsi a boma, amene ankabwera mmene afunira ngati mlendo wolemera, anali atasowa chiyambire dzulo lake. Nazih anali m'nyumba akumwa khofi pamene mayi wina anakuwa pakhonde monga mwa chizolowezi: "A boma abwera!" M'nyumba zonse anthu anathamangira kuyatsa makina ochapira. Pansi paja, pampu yokweza madzi inadzuka yokha n'kuthetheka.

Bvuu!

Pansi panatupa n'kubwerera. Mazenera onse a Nazih anatseguka nthawi imodzi, n'kumenya makoma, n'kubwerera ali athunthu. Kunja magalasi a msewu wonse anagwa ngati matalala. Wadad anagwa pampando akutchula dzina la Mulungu. Nazih anatsala chiimire, kapu ili m'manja. Khutu lake linali litagamula kale mlandu khofi asanatayike, ndipo kwa nthawi yoyamba analakalaka likanagontha limodzi ndi linzake.

Atatsika anapeza msewu uli mbuu ndi fumbi. Mwa chifundo cha Mulungu palibe amene anafa; ambiri anangochekedwa ndi magalasi. Chitseko chachitsulo cha chipinda chapansi chinali chitauluka mpaka pakhomo pa bekale. Denga la chipinda chamkati linali litagwa n'kukwirira zonse. Ufa woyera unali mbwee pamsewu. Ndipo pakati pa ufawo panali Mazhar, amene kuphulikako kunamupeza akutsegula chitseko. Nsidze zinali zitapsa, malaya atang'ambika, ndipo anyamata awiri anali atamupinda manja kumbuyo.

"Ndi uyu! Feteleza wake suuyu?" Sobhi ankakuwa, lumo likadali m'manja. "Onani nkhope yapsayo! Amakonza bomba pansi pa ana athu, galu ameneyu!"

"Ndi mchere, abale anga," Mazhar ankabwereza, koma mawu ake ankamira. Wina anamumenya kukamwa.

"Asilikali akubwera," anatero wina. "Tiwapatse akadali ndi mano kapena ayi?"

Aliyense pamenepo ankadziwa tanthauzo lake. Mlendo wa mapepala osakwanira akatengedwa ndi mawu akuti bomba, sabwerera kumsika. Akapulumuka ndende amakatayidwa kutsidya la malire kumene anathawa, ndipo mkazi ndi ana amatsala akufunsa pazipata. Nazih ankadziwanso china chimene ena sankachidziwa: asilikali akangochoka ndi munthu wawo, palibe amene akanafukula chipinda chamkati tsiku limenelo, ndipo Haji ankangofuna tsiku limodzi kuti achotsemo masilinda ake.

Kenaka chizolowezi chinagwira ntchito yake. Mmodzimmodzi anthu anatembenuka, monga ankachitira masiku onse, n'kuyang'ana Nazih.

"Abu Ziad, nenani!" anatero Sobhi. "Munaneneratu inu. Auzeni anthuwa kuti chinali chiyani."

Haji Tawfiq anali atafika pambali pake mwakachetechete, mikanda ikuthamanga m'zala. Analankhulira kukhutu lamanzere, pakuti ankadziwa lomwe limamva.

"Asewere, fumbi lachuluka. Munthu atha kunena kuti sanamve bwino. Palibe angakudzudzuleni."

Kumbali inayo Wadad anamugwira mkono. Iyenso anali atawerenga nkhope ya Haji.

"Bambo a Ziad," ananong'ona, "kamodzi kokha m'moyo wanu, khalani wogontha. Rabab ali pakhonde, akukuonani."

Nazih sanayang'ane kukhonde. Anayenda mpaka pamasitepe a chipinda chapansi n'kusuzumira. Simenti ya pansi pamene panali matumba inali yosalala, yopanda dzenje ngakhale lobisamo nkhuku. Migolo inali itagudubuzikira mbali imodzi, kuthawa khoma la chipinda chamkati. Anabwerera n'kutola chibenthu cha galasi chachikulu ngati mbale, n'kuchitembenuza. Anapita pa chitseko chachitsulo chija: chinali chathunthu, chopindika pamimba, mahinjesi ali pomwepo. Pomaliza anawerama, n'kunyowetsa chala, n'kuchigunditsa pa ufa woyera uja, n'kulawa. Anakhala nthawi akumva kukoma kwake ngati munthu woyembekeza kuti mwina kusintha.

"Mchere," anatero.

"Mchere suphulika!" anakuwa Sobhi.

"N'chifukwa chake sunaphulike, mbuzi iwe. Wangomwazika. Bomba likanakumba dzenje, ndipo uyu mukanamutola ndi supuni. Ameneyu ndi gasi. Anatsika, anadzaza pansi, anadikira magetsi." Anapuma, n'kuloza mulu wa denga logwa. "Wachokera mkatimo."

Panalibe amene sankadziwa mwini kiyi wa mkatimo. Anyamata aja anayamba kumasula manja a Mazhar pang'onopang'ono, ngati anthu amene angozindikira kuti agwira chinthu chotentha.

Haji sanakuwe. Anthu a mtundu wake sakuwa. Anakweza dzanja lokhala ndi mikanda n'kuloza pamwamba pa nyumbayo.

"Abale, tayang'anani kumwambako. Msewu wonse ulibe galasi ndi limodzi lomwe. Nanga awo ndi mazenera a yani akung'animawo? Munthu wodya za magalasi osweka, ake okha osasweka. Iye ndiye anayamba kuloza mlendoyu, lero akuloza ine. Mawa aloza yani? Mufunseni anadziwa bwanji kuti atsegule."

"Zala ziwiri, Haji! Chikwatirireni ine mazenera anga ali chomwecho. Mwana aliyense pano akudziwa."

"Sabata ino anali zala zinayi," anatero Sobhi, amene sankalola kuti mlandu uthe iye asanapeze mbali yopambana. "Ndinaona ndi maso angawa."

Zinali zoona, ndipo kwa Nazih kuzifotokoza kukanatanthauza kuvomera kuti fungo analimva n'kulipatsa dzina lolakwika. Maso amene kwa zaka zonse ankamuyang'ana pofuna yankho tsopano ankamuyang'ana ngati funso.

Asilikali atafika anapeza anthu akukangana za mazenera. Mkulu wawo anamva mawu akuti gasi, n'kuletsa aliyense kuyatsa fodya, n'kuitana ozimitsa moto. Pofika masana anali atafukula chipinda chamkati. Masilinda anatuluka motsatizana, ndipo ina inali yopepuka, yoboola kumatako ndi dzimbiri. Mazhar anafunsidwa mafunso, n'kuuzidwa kuti akasambe. Usiku umenewo anagona kwa ana ake.

Haji anatuma anthu kudzatenga mphatso za chitomero sabata isanathe. Rabab anazilongedza yekha, wosalira, ndipo sanalankhule ndi bambo ake mpaka azitona atakololedwa, ena atakwatirana m'nyengo imene inali yake. Haji anapatsa Nazih ndi banja lake mwezi kuti asamuke m'nyumba mwake. Magalasi a msewu wonse anadzaika munthu wochokera kumzinda wina wa Saida, chifukwa theka la anthu linali litakhulupirira kuti Abu Ziad ankadziwa kanthu, ndipo theka linalo linkagula buledi kwa Haji. Ngakhale lero ndege ikaphulitsa mlengalenga anthu amatembenukabe kumuyang'ana, pakuti khosi silimva miseche, koma akayankha, pamakhala wina wong'ung'udza kuti, "Wadziwa bwanji msanga chonchi?"

Okonda nkhani zokoma amati Nazih anachita zimenezi chifukwa cha chifundo, kuti anaona ana a mlendo m'maso mwake. Zimenezo ndi zokometsera. Munthu amene anayatsa msewu wonse ndi mawu a pampando wometera sangasanduke mngelo chifukwa cha fumbi. Chimene chinamukanika n'china. Akanatha kunamizira munthu, ndipo anali atatero kale. Koma kuima pamaso pa anthu n'kutchula gasi kuti bomba, kapena kunena kuti khutu lake silinamve, kumeneko kunali kudzifafaniza yekha. Mazhar sanapulumutsidwe ndi mtima wa Nazih. Anapulumutsidwa ndi liuma lake. Kaya zimenezi zikuchepetsa chimene anachita, akambe ena. Kwa mkazi wa Mazhar kusiyana kwake kunalibe.

Atasamukira m'nyumba ina kufupi ndi msika, tsiku lina kunamveka kugogoda. Anali Mazhar, nsidze zitayamba kumera, atanyamula botolo lalikulu la azitona.

"Amalume, ndabweretsa kachinthu kochepa. Mkazi wanga wati muzidya mukumukumbukira."

Nazih sanalilandire. Anavala magalasi a m'maso n'kulizungulira botololo lili m'manja mwa mwini wake.

"Nanga chivindikirochi chatupiranji?"

"Akupsa, amalume. Azitona amapuma."

"Amapuma! Chinthu chopuma wachitsekera m'galasi, n'kubwera nacho m'nyumba mwanga? Ukudziwa zimene botolo limachita likakhuta mpweya?"

"Landirani mphatso, bambo inu, musatichititse manyazi," anatero Wadad ali kukhitchini. Chisamukireni iye ankatseka mazenera onse mpaka kugwa loko, ndipo ankawatseka mwaphokoso kuti mwamuna wake amve.

Nazih analandira botololo ndi manja awiri, atalitalikitsa ndi nkhope. Anakaliika pakhonde, kuseri kwa thanki yamadzi, n'kupotokola chivindikiro pang'ono mpaka chinati tsii. Anatola zitona limodzi, n'kulinunkhiza, n'kulidya akumuyang'ana Mazhar m'maso.

"Mchere wachuluka," anatero. "Ndipo usaganize kuti ndasiya kukuyang'ana."

"Ndikudziwa, amalume."

"Ukusekereranso chiyani?"

Mlendo atapita, Nazih anaima pa zenera loyang'ana kukhonde kumene kunali botolo. Anamvetsera ngati Wadad ali pafupi. Kenaka anakweza loko mwakachetechete, n'kuyeza mpata ndi zala zake ziwiri.